Kuwerenga mbozi za ntchembere zandonda m'munda wa chimanga musanagule mankhwala

Chaka chilichonse, mvula ikangokhazikika chimanga n'kufika m'mawondo, funso limakhala limodzimodzi: "Chimanga changa chatha ndi mbozi, ndigule mankhwala anji?" Wa ku Thondwe, wa ku Jali, wa ku Chingale kaya wa ku Domasi, onse amabwera atanyamula tsamba lobookabooka lomwe athyola m'mphepete mwa munda. Tsamba limenelo silingakuuzeni ngati mukuyenera kupopera. Chomwe chingakuuzeni ndi nambala imodzi: mwa mapesi 50 osankhidwa mosakondera, ndi angati omwe mbozi ikudya lero lino. Njira yopezera nambalayo ndi imene ndalemba apa, kuti wina akadzafunsanso ndizingomuonetsa. Ofufuza za tizilombo amayendera minda yawo yoyesera mwa njira yomweyi, ndipo palibe chipangizo chodula chomwe chimafunika.

Mbozi tikunenayi ndi ntchembere zandonda yatsopano, yomwe pa Chingerezi amati fall armyworm, ndipo kwawo ndi ku America. Mu Africa inaoneka koyamba mu 2016 kumadzulo kwa kontinentiyi, kuno kwathu inafika mu nyengo ya ulimi ya 2016/17, ndipo mu Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 mwa maboma 28 ali pa ngozi chifukwa cha iyo. Inabwera kudzakhala. Siigona chilimwe monga amachitira kapuchi wina m'mapesi ouma, imangoswana paliponse pomwe pali chimanga chobiriwira. Kuno ku Zomba chimanga cha m'madimba a m'mbali mwa Likangala ndi m'madambo a nyanja ya Chilwa chimaisunga miyezi yonse yopanda mvula, choncho chimanga cha dzinja chikamamera agulugufe ake amakhala ali pafupi kale.

Popita kumunda tengani kope ndi pensulo (inki ya bolopeni imabalalika ikanyowa), kandodo kakafupi, tizingwe kapena tinsanza tong'ambang'amba, botolo loyera la pulasitiki, kansalu kopyapyala ndi labala yomangira kukamwa kwa botolo.

1. Tsimikizani kuti ndi mbozi iti

M'chimanga mumapezeka mbozi zitatu zomwe anthu amazisokoneza, ndipo chochita nazo n'chosiyana.

Yatsopanoyi, yomwe m'mabuku amaitcha Spodoptera frugiperda, imabisala mumtima mwa chimanga, pamene masamba atsopano amatulukira atapindana. Alangizi ena malowa amati fanelo. Ikakula imakhala yofiirira kapena yobiriwira moderako. Pamutu pake pali chizindikiro chonga chilembo Y chozondoka, koma musadalire chimenechi chokha chifukwa abale ake ena alinso nacho. Yang'anani kumchira: pachigawo chachiwiri kuchokera kumapeto pali madontho akuda anayi oimikidwa ngati ngodya zinayi za bokosi. Mukaona madontho amenewo, ndi iyoyo.

Ntchembere zandonda zakale zija, zomwe makolo athu ankazidziwa, n'zakuda ndipo zimayenda chigulu pansi, zikudya udzu ndi masamba kuyambira m'mphepete mwa tsamba. Zimenezo musachedwe n'kuwerenga, kauzeni alangizi tsiku lomwelo, chifukwa zimatha munda m'masiku ochepa.

Kapuchi ndi wotuwa, amasiya timabowo ting'onoting'ono tozungulira pamasamba, kenaka amalowa m'phesi. Mukapeza bowo paphesi penipeni pali ndowe, nthawi zambiri ndi kapuchi.

2. Werengani masamba a chimanga

Mlingo wa ngozi, kutanthauza kuchuluka kwa mapesi ogwidwa komwe muyenera kuchitirapo kanthu, umadalira msinkhu wa chimanga, ndipo msinkhu umayezedwa ndi masamba, osati ndi maso. Werengani masamba okhawo omwe atambasuka mpaka kuonetsa kakhosi kake, pamene tsamba limagwira phesi. Omwe adakali opindana musawerenge. Mpaka masamba 6, chimanga n'chaching'ono. Kuyambira masamba 7 mpaka kumasula ngayaye, n'chachikulu. Chikamasula ndi kutulutsa ndevu ndi gawo lachitatu. Lembani nambala ya masamba pamwamba pa tsamba la kope pamodzi ndi deti komanso ngati kwagwa mvula yamphamvu m'masiku atatu apitawa.

3. Yendani munda monga chilembo W

Yambani chimanga chikangomera, kawiri pa sabata mpaka chifike masamba 7 kapena 8, kenaka kamodzi pa sabata. Nthawi yabwino ndi m'mamawa kapena chakumadzulo, pamene mbozi zimakwera pamwamba. Masana dzuwa likaswa mtengo zimalowa pansi mumtima.

Musawerengere m'mphepete. Lowani mkati mamita 5, omwe ndi mizere 7 ngati munaunga motalikana masentimita 75. Kuchokera pamenepo yendani mokhotakhota monga chilembo W kuti mudutse munda wonse, ndipo muime malo 5: poyambira, pokhota patatu paja, ndi pothera. Ngati mbali ina ya munda munabzala ndi mvula yoyamba, ina patapita masabata awiri, imeneyo ndi minda iwiri. Iliyonse iyendereni payokha. Gulugufe amakonda kuikira mazira pa chimanga chanthete, choncho chobzalidwa mochedwa chimalandira mbozi zochokera ku chobzalidwa msanga, ndipo mukaphatikiza nambala zake mudzapopera kosafunika n'kusiya kofunika.

4. Maso asakusankhireni mapesi

Apa ndi pamene ambiri amadzinamiza osadziwa. Diso limathamangira phesi lodyedwa. Mukalola diso kusankha, munda uliwonse udzaoneka ngati watha. Mukafika poima, ponyani kandodo kanu kumbuyo osayang'ana. Phesi lomwe lili pafupi ndi nsonga ya kandodoko ndiye loyamba, ndipo mutenge mapesi 10 otsatizana pa mzere umenewo, osadumpha lililonse, labwino kaya loipa. Ngati munabzala njere zitatu pa phando, phesi lililonse liwerengedwe palokha. Malo 5, mapesi 10 paliponse, onse pamodzi 50.

Sabata yotsatira musabwerere pa mapesi omwewo. Yambirani W wanu ku ngodya ina.

5. Siyanitsani kudya kwa lero ndi kudya kwa sabata yatha

Ili ndiye gawo lovuta, ndipo malangizo ambiri amangoti "werengani mapesi omwe agwidwa" osafotokoza kuti kugwidwa n'kutani. Tsamba la chimanga likaboola silipola. Bowo lomwe mbozi inapanga masabata atatu apitawo lidzaonekabe mpaka tsambalo liume, mboziyo italowa kale m'nthaka, itadyedwa ndi nyerere kapena itakokoloka ndi mvula. Wowerenga mabowo amawerenga mbiri ya munda, ndipo mankhwala sapha mbiri.

Kuti mumvetse, onani moyo wa mboziyi. Gulugufe wamkazi amaikira mazira usiku, mulu umodzi wa mazira 100 mpaka 200, nthawi zambiri kunsi kwa tsamba, n'kuwafunditsa tiubweya totuwa. Kukamatentha amaswa pakatha masiku 2 kapena 3. Kambozi kongoswedwa sikafika mamilimita 2. Kamafundula khungu kasanu pokula, ndipo pakatha pafupifupi masabata awiri imakhala mbozi ya masentimita 3 kapena kuposerapo. Kumalo ozizira monga m'munsi mwa phiri la Zomba ndi Malosa zimatenga masiku ochulukirapo kusiyana ndi ku Chingale kotentha. Ikakhwima imatsika, n'kulowa m'nthaka masentimita 2 mpaka 8, ndipo pakatha masiku 8 mpaka 10 pamatuluka gulugufe wina. Mfundo yofunika ndi iyi: gawo lalikulu kwambiri la masamba omwe mbozi imadya pa moyo wake wonse, imalidya m'masiku ake otsiriza. Munda ukamaoneka womvetsa chisoni, mbozi zambiri zimakhala zatsala pang'ono kutsika, ndipo nthawi yabwino yozigonjetsa inali sabata yatha, pamene masamba ankaoneka ngati alibe vuto.

Choncho pa phesi lililonse mwa 10 aja musayang'ane masamba apansi. Yang'anani masamba awiri kapena atatu atsopano omwe akutuluka mumtima, ndi mumtimamo. Patulani masamba ndi zala pang'onopang'ono. Musazule mtima, mungaphe chimanga chomwe chikanachira.

Timbozi tating'ono sitiboola tsamba. Timangopala mbali imodzi n'kusiya kakhungu kowonekera, kotero tsamba limakhala ndi timawanga toyera tomwe kuwala kumadutsa mukaliyang'anitsa kudzuwa. Mukaona timawanga totere pa masamba atsopano, phesilo lagwidwa, ngakhale kambozi kake musakaone. Ichi ndiye chizindikiro chamtengo wapatali kuposa zonse, ndipo ndi chomwe anthu amachidutsa chifukwa sichiopsa.

Mbozi yokulirapo imasiya mabowo ong'ambika ndi ndowe zooneka ngati utuchi. Gwirani ndowezo. Zalero zimakhala zonyowa, zachikasu kapena zobiriwirako, zimamata pa chala. Zakale n'zouma, zofiirira, zimauluka mukaziuzira. Onaninso m'mphepete mwa bowo: latsopano m'mbali mwake mumakhala mobiriwira, lakale mumakhala mouma mofiirira. Nthawi zina mudzaona mabowo ofanana atandandalikana mopingasa tsamba. Amenewo anabooledwa tsamba lidakali lopindana mumtima, masiku angapo apitawo. Akuuzani kuti munali mbozi, sakuuzani kuti ilimobe. Tsegulani muone. Mumtima umodzi kawirikawiri mumakhala mbozi yaikulu imodzi kapena ziwiri, chifukwa zikakula zimadyana zokhazokha.

Pali zina zoboola masamba zomwe si mbozi n'komwe. Matalala amang'amba tsamba motsata mitsempha yake ndipo sasiya ndowe. Ziwala ndi nunkhadala zimadya kuyambira m'mphepete mwa masamba akuluakulu. Mizere yachikasu yopanda bowo ndi matenda kapena kusowa chakudya m'nthaka, osati kudyedwa.

Mukakayika, pali njira yosavuta. Mangani kachingwe pa tsamba lomaliza lomwe latambasuka. Chimanga chathanzi chimatulutsa tsamba latsopano pakatha masiku 3 kapena 4. Mukabweranso, onani masamba omwe atuluka pamwamba pa kachingweko. Ngati ali osalala, mbozi inachoka kapena inafa. Ngati adyedwa, ilimo.

Polemba m'kope, phesi lililonse lipatseni nambala imodzi mwa zitatu izi. Lembani 0 ngati lilibe kanthu kapena lili ndi kudyedwa kwakale kokha. Lembani 1 ngati lili ndi timawanga tatsopano kapena mbozi yosafika sentimita imodzi. Lembani 2 ngati lili ndi mbozi yaikulu kapena ndowe zonyowa. Kusiyanitsa 1 ndi 2 kudzakupulumutsirani ndalama pa gawo 7.

6. Lembaninso mazira ndi adani a mbozi

Tembenuzani masamba awiri kapena atatu pa phesi lililonse kufuna milu ya mazira. Lembani kuchuluka kwake, kenaka iphwanyeni ndi zala, kupatula mulu umodzi. Umenewo dulani ndi kachidutswa ka tsamba lake, ikani m'botolo, tsekani ndi kansalu, sungani pamthunzi. Pakatuluka timbozi m'masiku atatu, tipheni. Koma mazira ena amada bii n'kukhala osaswa, ndipo pakatha masiku pafupifupi 10 mumatuluka timavu takuda tating'ono kwambiri. Timeneti, monga mtundu wotchedwa Telenomus remus, timaikira mazira ake mkati mwa mazira a mbozi n'kuwapha. Tikatuluka, katsegulireni botolo m'munda. Musafulumire kuweruza ndi mtundu wokha, pakuti mazira abwinobwino nawonso amada akatsala pang'ono kuswa. Botolo ndi lomwe lingakuuzeni zoona.

Lembaninso zomwe mwapeza mumtima: nyerere, akangaude, mavu, tizilombo tofiirira tokhala ndi timphanda kumchira, ndi tina tozungulira tofiira tamadontho akuda. Zonsezi zimadya mazira ndi timbozi. Mbozi yakufa youma gwa, yokutidwa ndi nkhungu yoyera kapena yobiriwira, yaphedwa ndi matenda ake. Isiyeni pomwepo ipatsire zinzake. Minda yomwe ili ndi mitengo, nandolo, nyemba ndi udzu wa m'malire imakhala ndi adani otere ochuluka kuposa munda wa chimanga chokhachokha wopaliridwa mpaka m'mphepete.

7. Werengerani, kenaka gamulani

Phatikizani mapesi onse omwe mwalemba 1 ndi 2. Malangizo omwe bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu la CIMMYT linatulutsa ndi anzake mu 2018 amati mlimi wa munda waung'ono achitepo kanthu pamene mapesi 20 pa 100 agwidwa chimanga chili chaching'ono, ndi 40 pa 100 chikakhala chachikulu. Pa mapesi 50 anu, ndiye kuti 10 ngati chili ndi masamba osaposa 6, ndi 20 ngati chili ndi masamba 7 kupita m'tsogolo. Mlingo umakwera chifukwa chimanga chachikulu chimapirira. Chodyedwa masamba chimatha kubereka bwinobwino bola mtima wake sunadulidwe ndipo chinalandira chakudya chokwanira.

Nambalazi si lamulo la khoti, ziyezeni ndi nyengo. Ngati kumwamba kukuonetsa mvula yamphamvu, dikirani igwe n'kuwerenganso, chifukwa mvula yotere imakokolola ndi kumiza timbozi tambiri. Ngati kuli ng'amba ya Januwale ndipo chimanga chaima kukula, chitanipo kanthu msanga, ngakhale nambala isanafike penipeni. Ngati chimanga n'chachikasu ndi njala ndipo ndalama ndi yochepa, ine ndingaike ndalamayo pa feteleza wobereketsa ndi kupalira, mbozi n'kuzitola ndi manja.

Tsopano onani kuti ambiri ndi 1 kapena 2. Akachuluka a 1, mwaipeza nthawi yabwino ndipo njira zambiri zidzagwira. Akachuluka a 2, kupopera kumakhala kutaya ndalama, pakuti mbozi yaikulu imakhala pansi mumtima itatsekedwa ndi ndowe zake ndipo imafuna mankhwala ambiri kuti ife. Zitoleni ndi manja, n'kuchenjera pakatha masabata awiri, pamene agulugufe ochokera m'nthaka adzayambe kuikiranso mazira.

Amene ali ndi misampha ya fungo lokopa agulugufe adziwe kuti imagwira amuna okha. Ntchito yake ndi kukuchenjezani kuti muyendere munda, osati kuchepetsa mbozi, ndipo nambala ya mumsampha siilowa m'malo mwa mapesi 50. Amene ali ndi foni yamakono angalembe zotsatira mu pulogalamu ya FAMEWS ya FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, koma kope lisasiyidwe. Pitani nalo kwa alangizi a ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu (EPA), kukambirana kwake kumakhala kwina mukawaonetsa manambala.

8. Mukagamula kuchitapo kanthu

Yambani ndi zotsika mtengo. Pa munda wa ekala imodzi kapena yocheperapo, kuphwanya mazira ndi kutola mbozi kawiri pa sabata m'masabata oyambirira kumathandiza kwambiri kuposa momwe anthu amaganizira. Mchenga, dothi louma kapena phulusa losakaniza ndi mchenga, thirani kongotsina ndi zala zitatu mumtima mwa phesi logwidwa lokha. Phulusa lokhalokha lochuluka limawauka masamba anthete, makamaka kukakhala dzuwa. Alimi ena amawaza msuzi wa matemba kapena usipa wothira shuga pang'ono kuti aitane nyerere. Msuziwo supha mbozi, zimapha ndi nyerere, choncho m'munda momwe mwangopopera mankhwala musayembekezere kanthu.

Za masamba monga nimu ndi ombwe, womwe ena amati mthuthu: umitsani masamba pamthunzi, sinjani, viikani kilogalamu imodzi ya ufawo m'malita 10 a madzi usiku wonse, onjezerani timasupuni tiwiri ta sopo wamadzi, sefani ndi nsalu kuti musatseke nozo ya sipuleya, n'kupopera madzulo chifukwa dzuwa limaononga mphamvu yake. Dziwani kuti ofufuza anapeza kuti ombwe wa m'Malawi muno uli mitundu iwiri yofanana maonekedwe, wina wokhala ndi mphamvu yopha tizilombo, wina wopanda. Ngati wanu sukugwira, mwina vuto si kakonzedwe. Ombwe umaphanso nsomba. Zotsalira ndi madzi otsukira musatayire mu Likangala, Domasi kapena khwawa lililonse lopita ku Chilwa.

Mankhwala ogula abwere pomaliza. Gulani okhala m'botolo lake lenileni, okhala ndi lebulo, ovomerezeka ndi Pesticides Control Board, bungwe la boma loona za mankhwala ophera tizilombo. Ogulitsidwa m'timabotolo topanda dzina pa tsiku la msika simungadziwe kuti ndi chiyani, ngakhale mlingo wake. Actellic ndi wosungira chimanga m'matumba, si wa m'munda. Werengani dzina la mankhwala enieni omwe ali mkati, osati dzina lamalonda lokha. Mboziyi inali kale ndi mbiri yopirira mankhwala a gulu la cypermethrin ndi la chlorpyrifos kwawo ku America, choncho mukapopera kawiri, kachiwiriko kakhale ka gulu lina, monga emamectin benzoate. Mlingo tsatirani wa pa lebulo. Kuonjezera "kuti amve kuwawa" kumangofulumizitsa kupirira ndi kupha adani a mbozi. Lozetsani nozo mumtima mwa phesi lililonse, osati kuwaza pamwamba pa munda ngati mukuthirira. Valani zotchinga manja, mphuno ndi miyendo, ndipo musapopere kukuomba mphepo kapena mvula ili pafupi.

Chinthu china chomwe malebulo ochokera kunja saganizira: m'minda mwathu pansi pa chimanga pali ndiwo. Nkhwani, khwanya ndi chitambe zimathyoledwa tsiku ndi tsiku, nthawi zambiri ndi munthu wina osati amene anapopera. Uzani a pakhomo onse tsiku lomwe mwapopera ndi masiku odikira omwe alembedwa pa lebulo. N'chimodzimodzi ndi mondokwa wa kudimba wopita kumsika wa Songani kapena wa mtauni.

Ndiye pali njuchi. Chimanga chimabereka ndi mungu wouluka ndi mphepo, koma maungu sangabereke popanda tizilombo. Duwa lachimuna ndi lachikazi zili padera, duwa limatseguka m'bandakucha n'kufota dzuwa lisanafike pamutu, ndipo limakhala tsiku limodzi lokha. Likapanda kufikiridwa ndi njuchi m'mawa umenewo, kadzungu kamasanduka kachikasu n'kuthothoka. Choncho ngakhale malangizo ambiri amati poperani m'mamawa kapena madzulo, m'munda momwe maungu, nyemba kapena khobwe zachita maluwa sankhani madzulo okha, njuchi zitabwerera. Njuchi zimauluka makilomita 2 kapena 3 kukafuna chakudya, kotero ngati kufupi kuli ming'oma, monga m'mbali mwa phiri, auzeni eni ake dzulo lake. Mukafuna kudzionera nokha, sankhani maluwa 10 a maungu pakati pa 6 ndi 8 koloko m'mawa, imani phee mphindi 10, werengani njuchi zomwe zatera. Chitani izi tsiku lopopera lisanafike, ndi masiku awiri pambuyo pake, nthawi yofanana komanso nyengo yofanana.

Pakatha masiku 3 mutachita chilichonse mwa izi, bwerezani W wanu. Kumbukirani gawo 5: mabowo adzakhalapobe. Chomwe mukufuna ndi ndowe zouma ndi masamba atsopano osalala.

9. Chimanga chikamasula

Tsopano mtima kulibe, ndipo kuyenda modutsa mizere kumathyola masamba. Yendani motsata mizere, kudumpha ingapo, kuima malo 5 monga kale. Yang'anani mu ndevu, pamene chimanga chobereka chimagwira phesi, ndi m'khwapa mwa masamba oyandikana nacho. Mlingo umabwerera pa 20 pa 100. Kunsonga kwa chimanga mumapezekanso mbozi ina ija imadya thonje ndi tomato, ndiye onaninso madontho anayi aja. Pa msinkhu uwu ine sindilimbikitsa kupopera ndi sipuleya ya kumsana. Chimanga chimakhala chitakupitirirani, mankhwala amakugwerani kumaso, njuchi zimakhala zadzaza pa ngayaye m'mawa kutola mungu, ndipo mbozi yomwe yalowa m'makoko siifikirika. Tolani zomwe mungathe.

10. Yesani njira yanu m'munda mwanu

Mlimi akathira phulusa Lachiwiri, mvula n'kugwa Lachitatu, mbozi n'kuchepa Lachisanu, amati phulusa lagwira. Mwina lagwiradi, mwina ndi mvula, mwina mbozi zangotsikira m'nthaka. Njira yokha yodziwira ndi kusiya mbali ina osathira kanthu, ndipo ndi zomwe amachita ku malo a kafukufuku monga Makoka.

Pimani timinda 6, kalikonse mizere 5 yotalika mamita 10, kusiya mizere 2 pakati pa kamunda ndi kanzake. Ngati munabzala njere imodzi pa masentimita 25 aliwonse, mzere umodzi uli ndi mapesi 40. Tiikeni tiwiritiwiri: awiri kumtunda kwa munda, awiri pakati, awiri kumunsi. Pa awiri aliwonse chitani maere ndi ndalama yachitsulo kuti kothiridwa ndi kati, kosiyidwa ndi kati. Musasankhe nokha, chifukwa dzanja limapereka mankhwala ku mbali yomwe mtima ukufuna kuti ipambane. Pewani pachulu, pansi pa mtengo ndi pomwe munaotchera zinyalala, pakuti chimanga cha pamenepo chimakula mosiyana ndi chinzake. Feteleza, kupalira ndi kubandira zikhale zofanana ponseponse, tsiku lofanana.

Werengani mapesi 20 a m'mizere itatu yapakati musanathire, kenaka pakatha masiku 3, ndi pakatha masiku 7, pogwiritsa ntchito 0, 1 ndi 2 uja. Mizere iwiri ya m'mbali isiyeni, imalandira mankhwala ouluka ndi mbozi zoyenda kuchokera kwa anansi. Ngati nambala yatsika kothiridwa ndi kosathiridwa komwe, si mankhwala anu achita zimenezo. Ngati yatsika kothiridwa kokha pa malo onse atatu, muli ndi umboni. Ikatsika pa malo amodzi okha, bwerezani chaka chamawa musanauze mudzi wonse.

Mayeso omwewa mungawagwiritse ntchito pa kabzalidwe, monga chimanga chosakaniza ndi nandolo kapena mtedza poyerekeza ndi chokhachokha, kapena njira ya bungwe lofufuza za tizilombo la icipe la ku Kenya yobzala desmodium, mbewu ya m'gulu la nyemba, pakati pa mizere ndi nsenjere kuzungulira munda, yomwe imathandizanso pa kapuchi ndi kaufiti. Pamenepo timinda tikhale tokulirapo komanso totalikirana, chifukwa fungo la mbewu ndi adani a mbozi sizitsata malire a mizere iwiri.

Pokolola, kamunda kalikonse kakhale ndi thumba lake lolembedwa nambala kunja ndi kapepala mkati. Kololani mizere itatu yapakati yokha, ndipo lembani kuchuluka kwa mapesi omwe aimirira, poti kamunda komwe chiswe chinagwetsa mapesi 15 kadzaoneka ngati kagonja ndi mbozi. Musayerekeze powerenga zisononkho kapena poyang'ana kukula kwa mulu. Tonolani, yanikani matumba onse masiku ofanana, chotsani njere zoola n'kuziyeza padera, kenaka yezani pa sikelo imodzi. Kusiyana kwa makilogalamu kuchulukitseni ndi mtengo wa chimanga wa mwezi umenewo, n'kuchotsapo mtengo wa mankhwala, wa kubwereka sipuleya ndi wa aganyu opopera.